Pasipoti Yanga Inagona mu Mpunga

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinatsala pang'ono kukhala munthu woyenda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Madaraka muno mu Nairobi, m'nyumba zosanjikizana zija, ife tili pamwamba penipeni pamene madzi a m'mpopi ankafika mochita kunyengereredwa. Adadi ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri loona za mbewu. Anali katswiri wa chimanga, munthu woti akaona chitsononkho pansi ankachitola n'kuchitembenuza ngati akuwerenga kalata ya kumudzi. Nthabwala zawo ankazinena ndi nkhope ya pamaliro, moti alendo ankayamba kupepesa asanazindikire kuti anayenera kuseka.

Kusukulu kwathu kunali kalabu yoteteza zachilengedwe. Ndinalowamo chifukwa inkakumana Lachitatu masana, nthawi yomweyo imene anzathu ena onse ankathamangitsidwa kuzungulira bwalo la mpira. Ndinaganiza mofatsa, ndinaona kuti mtengo suthamanga, ndinasankha mbali ya mitengo. Woyang'anira kalabu anali mayi Achieng, mphunzitsi wamtali wovala nsapato za mphira ngakhale kunja kuli fumbi lokhalokha. Ankatituma kukatola mapaketi a mkaka m'mabini, kuwatsuka, kuwadzaza dothi, n'kufesamo njere za mitengo yachilengedwe. Nazale yathu inali kuseri kwa khitchini ya sukulu. Mpaka lero ndikamva fungo la mkaka wosasa litasakanikirana ndi la dothi lonyowa, ndimaima kaye pamsewu ngati munthu wandiitana dzina.

Tsiku lina mayi Achieng anabwera ndi envulopu yaikulu. Anati bungwe lina lakunja lakondwera ndi nazale yathu, ndipo laitana ana asanu ndi atatu kuti akacheze masiku khumi ku Guatemala pa tchuthi cha Epulo, kukaphunzira mmene anzathu kumeneko amasamalira nkhalango ndiponso kukaona mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya. Anatulutsa zithunzi n'kuziyala pa benchi pakati pa mbande. Chimodzi chinandigwira. Panali nkhalango yobiriwira biriwiri mpaka kumene maso alekezera, ndipo pakati pake panatumphuka kachisi wamiyala, masitepe ake ali chiriri ngati makwerero, mutu wake uli pamwamba pa mitengo yonse, nkhungu itamukulunga m'chiuno. Anati m'nkhalangomo muli anyani olira ngati mikango, ndi mbalame za milomo yaitali ngati nthochi. Dzina langa linali lachisanu pa mndandanda, chifukwa mbande zanga sizinafe. Sizinafe chifukwa ndinkazithirira pang'onopang'ono kuti belu la masewera lilire ndisanamalize.

Kuyambira pamenepo ndinadwala matenda a Amaya. Ndinawerenga chilichonse chimene laibulale ya sukulu inali nacho, chomwe chinali buku limodzi ndi theka, popeza lachiwirilo linali litadyedwa ndi chiswe kuyambira pakati. Ndinajambula kachisi uja kumbuyo kwa kope lililonse. Ndinaphunzira kulemba manambala awo a timadontho ndi timizere, mpaka tsiku lina ndinayankha nawo mayeso a masamu. Aphunzitsi anandipatsa ziro. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ziroyo Amaya ankaidziwa kalekale anthu ambiri asanaiganizire. Sanasinthe maganizo.

Nditabweretsa kunyumba pepala la ndondomeko ya ulendo, adadi analiwerenga kawiri, magalasi ali pansonga ya mphuno. Kenako anati, "Limbani, ukudziwa kumene ukupitaku? Chimanga chonse chimene unadyapo chibadwire, makolo ake ndi a chigawo chimenecho. Ukafika ukavule chipewa." Amami anaseka, koma adadi sanaseke, ndipo ulendo uno sindinathe kudziwa ngati inali nthabwala.

Panatsala chinthu chimodzi chokha: pasipoti. Yanga yakale inali itatha, ndipo yatsopano tinakalembetsa kumudzi pa tchuthi cha Disembala. Inatuluka bwinobwino, azakhali anga a Nachisale n'kukaitenga ku Lilongwe. Mayi Achieng ananena momveka kuti mapasipoti onse akhale m'manja mwawo pofika Lachisanu lomaliza la Febuluwale, kuti akapemphere maviza pamodzi, ndipo wochedwa malo ake apita kwa wina. Amami anati tiitumize kudzera ku makampani aja onyamula makalata pa ndege. Adadi anawayang'ana ngati anena zoti tigulitse mwana. "Pasipoti siperekedwa kwa munthu amene sitidziwa kwawo. A Chimwaza akupita kumudzi sabata ino."

Amene sanakhalepo kunja sangamvetse. Mmalawi wa mu Nairobi akati akupita kumudzi, amasiya kukhala munthu, amasanduka positi ofesi. Nkhani imalengezedwa pakutha pa mapemphero Lamlungu, ndipo pofika Lolemba kunyumba kwake kwadzaza nsapato za ana a eni, mankhwala a agogo a eni, zithunzi za ukwati. Pobwerera amasenza usipa, chiponde, ufa wa kondowole, nyemba za ku Dedza, chilichonse chili ndi dzina la mwini lolembedwa pa kapepala. Kukana kulibe. A Chimwaza anali mkulu wa gulu lathu la mapemphero, bambo wofatsa amene mawu akuti "ayi" sanawaphunzire ali mwana, ndiye ankayenda ndi kabudula mmodzi kuti katundu wa anthu akwane.

Azakhali a Nachisale, mlongo wawo wa adadi, anali munthu wosakhulupirira aliyense, kuyambira wogulitsa tomato mpaka m'busa. Chinthu chamtengo iwo sankachiika m'envulopu, chifukwa envulopu imaitana maso. Anatenga pasipoti yanga, anaikulunga m'pepala la pulasitiki, kenako m'kansalu, kenako m'pulasitiki wina, n'kuikwirira pakati penipeni pa thumba la mpunga wa Kilombero, n'kusoka pakamwa pa thumbalo ndi ulusi wa nsapato. A Chimwaza sanawauze kanthu. Malinga ndi nzeru zawo, chinthu chimabedwa chikadziwika. Munthu wosadziwa chimene wanyamula sangachitaye ndi mantha. Anangoimbira adadi foni ndege itanyamuka kale, n'kunena monyadira kuti, "Achimwene, zonse zili mu mpunga."

A Chimwaza anafika kwathu Lachiwiri dzuwa likupendeka, ali wefuwefu ndi masitepe. Anakhala pampando, anapemphera, anamwa tiyi, anafotokoza za mvula ya kumudzi ndi za onse amene anamwalira. Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini, maso ali pa chikwama. Kenako anayamba kutulutsa: botolo la chiponde, kathumba ka usipa, kalata ya amami. Anatseka zipi.

"Nanga mpunga, a Chimwaza?" anafunsa adadi.

"Aa, mpunga watsala, bambo a Limbani. Sikelo ya pabwalo la ndege inakana. Ndinatsegula chikwama pomwepo, ndinaona kuti cholemera kwambiri ndi chimenechi, ndinawapatsa alamu anga amene anandiperekeza. Koma musadandaule, mpunga suola."

Adadi anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, anawavalanso. "Zoona," anatero. "Mpunga suola."

A Chimwaza atamva zimene zinali mu mpungamo, anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Anaimba foni pomwepo kwa alamu awo, kuti mwina wina wokwera ndege mawa lake angatenge pasipotiyo. Koma alamuwo anali munthu wachangu ndi wothandiza. Pofuna kuti eni mpunga asadikire, anali ataupereka kale kwa mnzawo woyendetsa thiraki yopita ku Kenya kudzera ku Tanzania. Foni ya dalaivalayo inkagwira pokhapokha akakhala ku Malawi. Onse m'nkhani imeneyi anachita zabwino. Ndaifufuza zaka zambiri kufuna woti ndimukwiyire, sindinamupeze.

Lachisanu linafika, linadutsa. Mayi Achieng anandiitana kuseri kwa khitchini, anaika dzanja paphewa langa n'kundipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole sana, Limbani." Malo anga anapita kwa mtsikana wina amene anapha mbande ziwiri ndi madzi. Mpunga unafika patatha milungu itatu, thumba lili fumbi lokhalokha. Amami anadula ulusi uja ndi lezala, ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, ndinatulutsa pasipoti ija. Inali yatsopano, yosapindika, ikununkhira Kilombero tsamba lililonse. Inadutsa malire awiri popanda mwini wake, ndipo palibe anaidinda.

Tsiku limene anzanga ananyamuka, ndinakwinya pepala la ndondomeko lija n'kuliponya m'bini. Sindinalire. Ndinangogona chafufumimba tsiku lonse, ndikumva ndege zing'onozing'ono za pabwalo lapafupi zikudutsa padenga, iliyonse ngati ikundinena. M'mawa mwake adadi anagogoda pakhomo langa, atavala jekete la ku ofesi. M'manja anali ndi pepala lija, atalisita ndi ayironi mpaka ngodya imodzi itapserera.

"Ndatenga tchuthi cha masiku khumi," anatero. "Vala nsapato. Tsiku loyamba alemba kuti ulendo wautali wa pandege. Tichedwa."

Ndege yathu inali minibasi, imene kuno amati matatu, yopita ku Umoja, dera lina la mumzinda momwemuno. Inali nyengo ya mvula, misewu itadzaza, ndipo tinakhala pa jamu mpaka miyendo inachita dzanzi, wailesi ikugunda pachifuwa, mayi wina atanditsamiritsa thumba la ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma pamwendo. Titafika ku Umoja tinatsika, adadi anayang'ana uku ndi uku, anati apa ndi posinthira ndege, tinakwera ina yobwerera. Kondakitala anawafunsa ngati tasochera. Adadi anamuyankha m'Chiswahili chawo chophwanyika kuti tikupita kutali kwambiri. Titafika kunyumba anatulutsa cholembera chofiira n'kuchonga tsiku loyamba. Ine ndinali wokwiya ndithu, ndipo ndinaonetsetsa kuti aone. Koma mawa lake ndinavala nsapato asanagogode.

Tsiku la kuyenda m'nkhalango tinapita ku Karura. Mvula inatipeza pakati, yamadontho akuluakulu, masamba onse akulira ngati anthu akuwomba m'manja. Pansi pankanunkha zowola zokoma, nkhuyu zakupsa ndi makungwa onyowa. Adadi anali ndi nsapato zawo zakuda za ku ofesi, ndipo anaterereka katatu, ulendo uliwonse n'kudzuka mwaulemu ngati anachita kukonzekera. Tinabisala m'phanga, akundiuza mayina a mitengo m'Chilatini, ine ndikuwauza a m'Chikikuyu amene mayi Achieng anatiphunzitsa. Aka kanali koyamba kuona adadi akulemba m'kabuku kawo zimene ine ndanena.

Za anyani olira ngati mikango tinakazichitira ku paki ina ya mumzinda kumene kuli apusi ozolowera anthu. Sanalire ngati mikango. Amene analira ndi adadi, pusi atawalumphira paphewa n'kuwalanda chimanga chootcha chimene anali atangothira mandimu ndi tsabola. Pusiyo anakakhala panthambi n'kumakukuta. Adadi anamuyang'anitsitsa, kenako anandinong'oneza kuti, "Mbewu ya makono imeneyo. Aona yekha, ilibe kukoma." Tsiku la chakumwa cha Amaya tinasakaniza koko ndi tsabola popanda shuga, monga linanenera buku langa la theka lija. Amami analawa, anaika kapu pansi, anati tsopano amvetsa chifukwa chake anthuwo anathawa m'mizinda yawo. Tsiku lobzala mitengo tinakatenga mbande yanga imodzi ku nazale, poti mayi Achieng anandisiyira kiyi kuti ndizithirira, tinaibzala pafupi ndi mpanda wa nyumba zathu, mlonda akutiyang'ana mokayika.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndilo ndinkaliopa, chifukwa pamenepo analemba kuti kukwera kachisi m'mbandakucha kukaona dzuwa likutuluka pamwamba pa nkhalango. Ndinkadziwa kuti ichi adadi sangachinamize. Anandidzutsa kukuyera. Tinatsika mpaka pansi, chifukwa anati kachisi sayambira pakati, kenako tinakwera masitepe onse, n'kupitiriza pa makwerero achitsulo opita padenga pamene panali mathanki a madzi. Chitsulocho chinali chozizira choluma m'manja. Pamwamba tinakhala pa simenti yonyowa, misana itatsamira thanki. Chakumwera, kupitirira madenga ndi mafakitale, kunali chigwa cha malo osungira nyama, chitakutidwa ndi nkhungu yoyera, ndipo mitu ya mitengo inkatumphuka apo ndi apo. Dzuwa litayamba kufiira, nkhungu ija inasanduka ngati uchi. Kutali kwambiri kanthu kakatali kankayenda pang'onopang'ono. Ine ndimati anali kadyamsonga, adadi amati unali mlongoti wa magetsi, mlanduwu sunagamulidwe.

Kenako adadi anayankhula osandiyang'ana. "Ine ndaphunzira chimanga moyo wanga wonse, koma kwawo kwa chimanga sindinafikeko. Mwayi unabwerapo kamodzi, iwe uli wakhanda, ukudwaladwala, ndinausiya. Nditaona pepala ili ndinati, basi, maso anga apita ndi mwana." Anaima kaye, akusisita ngodya yopserera ija ndi chala. "Amayi ako ananena zoona za makampani aja. Ndinalakwa ndine, Limbani. Pepa."

Sindinali nditamvapo bambo wachimalawi akupepesa mwana wake, ndipo sindinadziwe koika maso. Ndinangoti, "Kachisi wake ndi wamfupi, adadi." Anati, "Eya. Koma ali ndi madzi."

Masiku onse tinachonga kupatula limodzi. Tsiku lachisanu ndi chinayi analemba kuti kukacheza kwa mlimi wa Chimaya, kukaona munda umene chimanga, nyemba ndi maungu zimabzalidwa pamodzi, nyemba zikukwera phesi, maungu akuyanga pansi kuphimba nthaka. Tinayenda m'mbali mwa njanji mpaka kufupi ndi Kibera kufunafuna kamunda kotero, koma tinangopeza sukuma ndi chimanga chongomera kumene. Adadi anabweza cholembera m'thumba. Anati ili lokha sitinamizira, chifukwa amayi awo ku Ntcheu ankalima chimodzimodzi osadziwa kuti kuli Amaya, ndipo tidzakaliona kumudzi mondokwa atacha. Koma tchuthi chathu chopita kumudzi chinkakhala cha Disembala, mbewu zili m'mawondo, kapena cha Ogasiti, m'munda muli mapesi okha. Chaka chilichonse tinkati chaka chamawa.

Anzanga anabwerako akuda ndi dzuwa, atalumidwa ndi udzudzu, ali ndi zithunzi zambirimbiri. Ndinazionera zonse, ndipo ndinachita nsanje monga mwa lamulo. Mpunga uja tinaudya miyezi iwiri. Zaka zinapita. Adadi anapuma pantchito n'kubwerera ku Ntcheu ndi amami, ine ndinatsala kuno ku koleji kuphunzira za nkhalango. Ndinaphunzira zaka ziwiri, kenako ine ndi koleji tinagwirizana mwamtendere kuti tisiyane. Pano ndimakhala ku Umoja, posinthira ndege paja, ndimakonza mafoni m'kashopu kofanana ndi bokosi la machesi. Kumudzi ndatha zaka zisanu osapondako. Pafoni ndimati ntchito yachuluka. Zoona zake n'zakuti sindidziwa mmene mwana wa katswiri amalowera pakhomo alibe pepala m'manja.

Zinthu zasintha. Masiku ano kachisi uja ndimamuona pafoni iliyonse imene ndakonza, ndimatha kumuzunguliza ndi chala, kukwera masitepe ake ndili chikhalire. Ana a Amalawi anzathu amapita maulendo otere ngati akupita kumsika, mapepala awo amayenda ndi makampani, makolo n'kumaona pafoni pamene afika. Chigwa chija pano chadulidwa ndi njanji ndi misewu, ndipo padenga paja anakhoma loko. Mtengo wanga wokha ndiwo sunamve kuti zinthu zasintha: wafika pa mawindo a nyumba yachitatu, ndipo mizu yake yasendeza mpanda. Positi ofesi ya anthu nayo sinatseke. A Chimwaza anakalamba, koma alipo ena, ndipo adadi amanditumizirabe mpunga kawiri pachaka. Thumba lililonse ndisanaphike ndimapisamo dzanja mpaka m'chigongono. Ndi chizolowezi chabe, sindipezamo kanthu.

Sabata yatha kunabwera thumba lina ndi mayi wina wa ku mapemphero. Ndinadula ulusi, ndinapisa dzanja, zala zinagunda pulasitiki. Mkati munali kansalu, m'kansalumo pulasitiki wina, ndipo m'menemo pepala lachikasu ndi ukalamba, ngodya imodzi yopserera. Masiku asanu ndi anayi ochongedwa ndi cholembera chofiira, limodzi lopanda kanthu. Pansi pake adadi analemba kuti: "Ndabzala zonse zitatu pamodzi. Nyemba zakwera, maungu ayanga, mondokwa acha mwezi wamawa. Za koleji ndinazimva kale, munda sufunsa satifiketi. Mayi wanyamula thumbayu sadziwa kanthu."

Ndinakhala pansi pakati pa mafoni a eni, fungo la Kilombero lili m'manja. Kenako ndinatsegula kabati n'kuyang'ana pasipoti yanga. Ikadali ndi moyo. Basi ya ku malire imanyamuka Lachinayi, ndipo ulendo uno pasipotiyo iyenda m'thumba la malaya, pamodzi ndi mwini wake. Cholembera chofiira ndagula kale.